Kufunsa boma la Britain kudzera mwa phungu wanu: zinyalala, ana ndi zaumoyo

Aliyense wokhala ku Britain ali ndi phungu wake, kaya ali ndi pasipoti ya dzikolo, kaya ali pa viza yosamalira okalamba, kaya ndi wophunzira. Ku House of Commons kuli aphungu 650, ndipo aliyense amaimira anthu onse a m'dera lake, ovota ndi osavota omwe. Nzika za Malawi ndi Zambia zomwe zili ndi chilolezo chokhala m'dzikomo zimaloledwanso kulembetsa m'kaundula wa voti poti maiko athu ali mu Commonwealth, koma ngakhale musanalembetse, ofesi ya phungu ndi yanu.

Chida chimodzi chomwe phungu ali nacho ndi funso la m'Nyumba ya Malamulo. Akalipereka, nduna imayenera kuyankha, ndipo yankholo limasindikizidwa pa intaneti pomwe mtolankhani, loya, khansala ndi inuyo mungalipeze ngakhale patapita zaka. Mafunso ambiri otere amayambira kunja kwa Nyumba, kwa munthu kapena gulu lomwe lakonza nkhani yake bwino n'kuipereka kwa phungu. Funso lokonzedwa bwino limatulutsa chiwerengero, tsiku kapena chivomerezo chomwe boma silingachikanenso. Lokonzedwa mwachisawawa limabweretsa ndime yosalala yomwe simungagwire nayo ntchito iliyonse. Kusiyana kwake kuli pa ntchito yomwe mumagwira musanalembe kalata.

Yambani mwadziwa mwini nkhani

Kwathu tinazolowera kumva phungu akupempha nduna kuti iganizire zokumba mjigo kapena kukonza mlatho m'dera lake. Ku Westminster, komwe kuli Nyumba ya Malamulo ya Britain, funso lotere silipita patali, chifukwa nduna imayankha pa zinthu zokhazo zomwe zili m'manja mwa unduna wake. Ofesi yotchedwa Table Office imaunika funso lililonse lisanasindikizidwe, ndipo ikaona kuti nkhaniyo ndi ya khonsolo kapena ya boma la Scotland, imalibweza kwa phungu.

Choyamba onani komwe mukukhala. Zaumoyo, chisamaliro cha ana ndi zachilengedwe zinaperekedwa ku maboma a Scotland, Wales ndi Northern Ireland. Wokhala ku Glasgow kapena Edinburgh apite kwa a MSP, aphungu a nyumba ya malamulo ya Scotland ku Holyrood, ndipo ali ndi mwayi waukulu chifukwa munthu aliyense kumeneko ali ndi MSP mmodzi wa dera ndi ena 7 a chigawo. Wa ku Cardiff apite ku Senedd, nyumba ya malamulo ya Wales. Nkhani za viza ndi zolowa ndi kutuluka m'dziko zimapitabe ku Westminster kulikonse komwe muli. Zotsatirazi zikukhudza England.

Pa zinyalala, unduna wake ndi Defra, woona zachilengedwe, chakudya ndi za kumidzi. Pansi pake ntchito inagawidwa pawiri. Matilesi, mafiriji ndi matumba akuda otayidwa m'mbali mwa msewu ndi a khonsolo. Mulu waukulu woposa matani 20, zinyalala zoopsa, komanso mtaya wachinyengo woyendetsedwa ndi magulu a zigawenga, ndi za Environment Agency, bungwe la boma loona zachilengedwe. Msonkho wa zinyalala zokwiriridwa amatolera a HMRC, bungwe lotolera misonkho, choncho funso la msonkhowo limapita ku Treasury, unduna wa zachuma. Msonkho umenewu ndiwo gwero la umbanda wambiri: m'chaka cha 2025/26 tani imodzi ya zinyalala wamba inkalipira £126.15, pomwe tani ya dothi ndi miyala inkalipira £4.05 yokha. Munthu wosakhulupirika amangolemba pa pepala kuti lole yanyamula dothi pomwe yadzaza zinyalala za m'nyumba zogayidwa, kapena amalandira ndalama kwa kasitomala n'kukakhuthula katunduyo m'nkhalango usiku. Akuluakulu a ntchitoyi amayerekeza kuti umbanda wa zinyalala umawonongetsa England ndalama pafupifupi £1 biliyoni pa chaka.

Pa ana, musafulumire kuganiza kuti zonse ndi za unduna umodzi. Ntchito ya masosho weka, ana oleredwa ndi boma, ndi sukulu zili pansi pa Department for Education. Mabanja osowa pokhala omwe aikidwa m'nyumba zongoyembekezera ali pansi pa unduna wa nyumba ndi makhonsolo. Ndalama zambiri zothandizira mabanja ndi za DWP, unduna wa ntchito ndi penshoni. Lamulo lija lolembedwa pa viza zambiri zathu, loti munthu asalandire thandizo la ndalama za boma, lomwe timangoliti NRPF, ndi la Home Office.

Pa zaumoyo, unduna ndi DHSC. Miliri ndi matenda opatsirana amalondola a UKHSA, bungwe lomwe linalowa m'malo mwa Public Health England mu 2021. Koma ntchito zambiri zoteteza matenda, monga anamwino oyendera ana akhanda m'nyumba, thandizo losiyira fodya ndi mowa, ndi zipatala za matenda opatsirana pogonana, zili m'manja mwa makhonsolo, omwe amalandira thumba lapadera kuchokera ku DHSC. Nthawi zina mwini nkhani amakhala yemwe simumamuyembekezera. Kuletsa mavepu ogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya, komwe kunayamba pa 1 June 2025, kumaoneka ngati nkhani ya zaumoyo, koma lamulolo linadzera ku Defra chifukwa cha zinyalala ndi mabatire oyambitsa moto m'malole a zinyalala.

Ndiye ngati vuto lanu ndi la khonsolo, phungu alibe chofunsa? Ali nacho. Nduna siingayankhe chifukwa chomwe khonsolo yanu sinachotse mulu wa pa ngodya ya msewu wanu, koma imayankha pa ndalama zomwe boma lapereka ku khonsoloyo, malangizo omwe launtumizira, ziwerengero zomwe limasonkhanitsa, ndi ngati likuganiza zosintha lamulo. Funso lanu lilowere pa khomo limodzi mwa anayiwa.

Mitundu ya mafunso

Lofunika kwambiri kwa inu ndi funso lolemba. Lilipo la mitundu iwiri. Lawamba limayembekezeka kuyankhidwa pasanathe pafupifupi sabata imodzi ya ntchito, ngakhale maunduna ena amachedwa. Linalo limatchedwa named day: phungu amatchula tsiku lomwe akufuna yankho, lomwe liyenera kukhala patadutsa masiku osachepera atatu omwe Nyumba ikukumana. Phungu amaloledwa mafunso 5 okha a mtundu uwu pa tsiku, ndiye musadabwe akalisungira nkhani yomwe ikufulumira.

Mafunso apakamwa amachitika Lolemba mpaka Lachinayi kumayambiriro kwa zokambirana, ndipo unduna uliwonse umabwera pafupifupi kamodzi pa masabata 5. Aphungu amaponya mafunso awo ndipo kompyuta imachita maere, choncho phungu wanu sangakulonjezeni kuti adzapeza mpata. Ubwino wake ndi woti akaupeza amafunsa funso lowonjezera lomwe nduna sinalione. Mafunso a kwa nduna yaikulu Lachitatu masana ndi otchuka pa kanema, koma kawirikawiri satulutsa tsatanetsatane. Palinso funso lachangu, lomwe Sipikala amaloleza pakachitika chinthu chachikulu, ndipo nduna imabwera kudzayankha tsiku lomwelo.

Musaiwale House of Lords. Mamembala ake alibe madera, ndiye mutha kulembera aliyense amene amatsata nkhani yanu. Aliyense amaloledwa mafunso olemba 6 pa tsiku, ndipo boma limayenera kuyankha pasanathe masiku 10 a ntchito. Njirayi imathandiza kwambiri ngati phungu wanu ndi nduna kapena Sipikala, chifukwa amenewa sapereka mafunso. Phungu yemwe ndi nduna atha kukulemberanibe kalata kwa nduna inzake, ndipo kalata yotere imayankhidwa ndi nduna, koma yankholo silisindikizidwa.

Fufuzani musanafunse

Table Office imakana funso lomwe layankhidwa kale posachedwa, ndipo nduna imangokulozerani ku tsamba la pa intaneti ngati chiwerengerocho chinasindikizidwa kale. Apa ndi pomwe mafunso ambiri amathera pachabe. Tsegulani questions-statements.parliament.uk, lembani mawu a nkhani yanu, ndipo werengani mayankho a miyezi 12 yapitayi. Funso lililonse lili ndi nambala yake yotchedwa UIN, ndipo a ku Lords amayamba ndi HL. Lembani manambalawa, chifukwa funso lamphamvu nthawi zambiri limatsamira pa yankho lakale. Zomwe zinayankhulidwa m'Nyumba zili mu Hansard, ndipo tsamba la TheyWorkForYou limakutumizirani imelo nthawi iliyonse mawu omwe mwasankha akatchulidwa. Pomwepo mudzaonanso aphungu ndi mamembala a Lords omwe amabwereza nkhani yanu.

Kenako onani zomwe boma limasindikiza kale. Defra imatulutsa chaka ndi chaka chiwerengero cha zinyalala zotayidwa mozemba, khonsolo ndi khonsolo. M'chaka cha 2023/24 makhonsolo a ku England analemba milandu pafupifupi 1.15 miliyoni, ndipo pafupifupi 60 peresenti inali ya zinyalala za m'nyumba. Koma dziwani malire a chiwerengerochi: chimawerenga makamaka zomwe makhonsolo anakumana nazo pa malo a boma. Zotayidwa pa munda wa mlimi kapena kuseri kwa nyumba ya lendi zambiri sizilowamo, ndipo mwini malo ndiye amalipira zochotsa. Mpata ngati umenewu ndiwo malo abwino oikapo funso. Pa zaumoyo, tsamba la Fingertips limaonetsa za katemera, kunenepa kwa ana ndi zina zambiri pa khonsolo iliyonse. Pa ana oleredwa ndi boma, Department for Education imatulutsa lipoti chaka chilichonse, ndipo pa 31 March 2024 analipo oposa 83,000 ku England.

Umboni wanu wa pamalopo ukhale wolongosoka. Pa mtaya wachinyengo, lembani tsiku, nthawi, malo enieni, nambala ya galimoto, mtundu wa zinyalala, ndi kuchuluka kwake poyerekeza ndi vani kapena lole. Jambulani muli patali. Musatsegule matumba, musakhudze migolo, ndipo musalimbane ndi otayawo, chifukwa ena mwa iwo ndi anthu oopsa. Imbani ku Environment Agency pa 0800 80 70 60, kapena ku Crimestoppers pa 0800 555 111 ngati simukufuna kudziwika, ndipo nthawi iliyonse pemphani nambala ya lipoti lanu. Phungu akaona kuti munadandaula kasanu pa miyezi itatu, manambala ali pomwepo, koma palibe chachitika, amadziwa kuti ali ndi poyambira.

Kaumbidwe ka funso

Malamulo ake ndi ochepa koma ndi okhwima. Funso lipemphe chidziwitso kapena likakamize boma kuchitapo kanthu. Likhale ndi maziko oona. Lisakhale ndi mawu onyoza, mkangano kapena maganizo anu. Lisakhudze mlandu womwe uli kukhoti. Ku Commons limayamba ndi "To ask the Secretary of State for", ku Lords ndi "To ask His Majesty's Government", ndipo lonse limakhala chiganizo chimodzi.

Mawu oyamba ndiwo amasankha mtundu wa yankho. Mukafunsa kuti "what steps", kutanthauza kuti boma likuchitapo chiyani, mwatsegulira nduna khomo loti ikuwerengereni mndandanda wa mapulogalamu ake onse, ndipo mudzatsala pomwe munali. Mukafunsa kuti "how many", "on what date" kapena "how much", mwaipanikiza kuti ipereke nambala kapena ivomere kuti ilibe. "What assessment" ili pakati: imathandiza mukafuna kudziwa ngati boma linaunikapo nkhaniyo n'komwe. "If she will publish" kapena "if he will publish" ndi yabwino mukadziwa kuti lipoti lilipo koma silinatuluke.

Tiyerekeze kuti mukukhala ku Kent ndipo malole akukhuthula zinyalala pa malo opanda chilolezo. Funso loti boma likuchita chiyani pa umbanda wa zinyalala ndi lotaya nthawi. Lolimba lingakhale ili: "To ask the Secretary of State for Environment, Food and Rural Affairs, how many illegal waste sites in Kent were (a) reported to and (b) stopped by the Environment Agency in each of the last three years." Onani zomwe lachita. Latchula bungwe limodzi, dera limodzi, zaka zitatu, ndipo laika manambala awiri pafupi kuti kusiyana kwawo kuonekere kokha popanda inu kunena mawu aukali. Lotsatira lingafunse kuti pa avareji pamatenga masiku angati kuchokera pa lipoti loyamba kufika pomwe bungwelo lapempha khoti kutseka malowo. Funso lachitatu lingafunse chiwerengero cha ogwira ntchito ku Joint Unit for Waste Crime, nthambi yomwe inakhazikitsidwa mu 2020.

Chifukwa chomwe funso la masiku lili lofunika chikuoneka pa nkhani ya Hoads Wood pafupi ndi Ashford. Imeneyi ndi nkhalango yotetezedwa ndi lamulo, koma mu 2023 malole anakhuthulamo matani pafupifupi 30,000 a zinyalala anthu a m'deralo akuona ndi kudandaula. Pomwe malowo ankatsekedwa n'kuti chiwonongeko chitachitika kale, ndipo mu May 2024 boma linalamula Environment Agency kuchotsa zinyalalazo, ntchito ya mamiliyoni a mapaundi. Kuchedwa pakati pa lipoti ndi kuchitapo kanthu ndiko kumadula, ndiye funsani za kuchedwako.

Musapanikize zinthu zambiri m'funso limodzi. Unduna uli ndi ufulu wokana kuyankha ngati kusonkhanitsa yankho kungadye ndalama zoposa malire omwe boma linaika. Mukapempha ziwerengero za makhonsolo onse kwa zaka 15, mwawapatsa chifukwa chokanira. Gawani: zaka zitatu kapena zisanu, chigawo chimodzi, chinthu chimodzi. Mafunso atatu aafupi amabweretsa zambiri kuposa limodzi lalitali.

Gwiritsaninso mawu omwe lamulo limagwiritsa. Kutaya zinyalala mozemba ndi mlandu pansi pa ndime 33 ya Environmental Protection Act 1990, ndipo khoti lalikulu litha kupereka chindapusa chopanda malire kapena zaka 5 kundende. Kuyambira July 2023 makhonsolo amatha kulipiritsa pomwepo mpaka £1,000. Ndime 34 imaika udindo pa mwini zinyalala, ndipo apa ambiri a ife timakodwa: mukapatsa katundu wanu wakale munthu wa vani wopezeka pa Facebook osaona ngati analembetsa ku Environment Agency, iye n'kukataya kutchire, chindapusa cha mpaka £600 chitha kugwera inu. Funso lofunsa kuti ndi zindapusa zingati zomwe zaperekedwa pansi pa ndime 33 poyerekeza ndi ndime 34 limaonetsa ngati akulangidwa ndi otaya kapena eni nyumba.

Nkhani zikalumikizana

Mtaya umodzi utha kukhala nkhani ya maunduna atatu. Ku Walleys Quarry, ku Silverdale ku Staffordshire, kunali mtaya wokhala ndi chilolezo womwe unkatulutsa mpweya wa hydrogen sulphide, wonunkha ngati dzira lovunda. Madandaulo anachuluka zedi mu 2021, ndipo chaka chomwecho banja la mwana wodwala m'chifuwa linatengera Environment Agency kukhoti. Mu 2023 bungwelo linavomera kuti makina ake oyezera mpweyawo sanatcheredwe bwino ndipo ankaonetsa manambala otsika kuposa enieni. Chikalata chotseka malowo chinaperekedwa mu November 2024.

Pa nkhani ngati iyi mumakonza mafunso osiyana kwa nduna zosiyana. Defra ifunsidwe kuti malowo anayenderedwa kangati ndipo anapezeka ataphwanya chilolezo kangati. DHSC ifunsidwe zomwe UKHSA yapeza pa umoyo wa anthu oyandikana nawo, makamaka ana a mphumu. Department for Education ifunsidwe ngati yapereka malangizo ku sukulu zapafupi. Ndipo musaiwale funso lomwe ambiri saliganizira: makina oyezera anaunikidwa liti komaliza, ndipo anawaunika ndani? Nambala ya boma imadalira chipangizo chomwe chinaipanga.

Za ana, samalani kwambiri

Funso la m'Nyumba ya Malamulo silipulumutsa mwana yemwe ali pangozi lero. Zikatero imbani 999, kapena nthambi yoona za ana ku khonsolo, yomwe ndime 47 ya Children Act 1989 imaikakamiza kufufuza pomwe pali chifukwa choganizira kuti mwana akuvulazidwa. NSPCC, bungwe loteteza ana, ili pa 0808 800 5000 ngati mukufuna uphungu kaye.

Dzina la mwana, sukulu yake ndi chithunzi chake zisalowe m'funso, chifukwa chomwe chasindikizidwa sichifufutika. Ngati nkhani yanu ili ku khoti la mabanja, phungu sangaifunse m'Nyumba ndipo sangasinthe chigamulo. Mapepala a khotilo ali ndi malamulo okhwima a chinsinsi, ndiye funsani loya wanu musanawapereke kwa wina aliyense.

Chomwe mungachite ndi kuchotsa nkhani ya banja limodzi n'kuifunsa ngati ya mabanja onse. Lamulo la 2003 limati banja la ana lisasungidwe m'nyumba ya alendo ya mtundu wa B&B kupitirira masabata 6. Ngati banja lomwe mukulidziwa lakhalamo miyezi inayi, ana akugona chipinda chimodzi ndi makolo, khitchini ndi bafa akugawana ndi alendo, pakhoma pali chuku, funsani kuti boma lachitapo chiyani pa makhonsolo omwe adutsa malirewo, ndipo ndi angati omwe lawalembera. Ndime 17 ya Children Act 1989 imapatsa makhonsolo udindo wothandiza mwana wosowa ngakhale makolo ake ali pa NRPF. Funsani ngati boma limasonkhanitsa chiwerengero cha mabanja othandizidwa motero, komanso ngati limabwezera makhonsolo ndalamazo.

Kuti funso lochokera ku banja limodzi litha kugwedeza boma zinaoneka mu May 2020. Stephen Timms, phungu wa East Ham, anafunsa Boris Johnson pamaso pa komiti za banja la m'dera lake lomwe linali pa NRPF nthawi ya Covid-19 ndipo linalibe pogwira. Nduna yaikuluyo inaoneka kuti sinkadziwa bwino za lamuloli, ndipo inalonjeza kufufuza kuti anthu otere alipo angati. Timms anapitiriza ndi mafunso olemba, ndipo chaka chomwecho Home Office inayamba kusindikiza chiwerengero cha anthu opempha kuti lamuloli lichotsedwe pa viza zawo.

Pa zaumoyo wa ana njira ndi yomweyo. World Health Organization imafuna kuti ana 95 pa 100 alionse alandire katemera wa chikuku kawiri kuti mliri usabuke. England ili pansi pa mlingowu, ndipo mu 2024 anthu oposa 2,900 anatsimikizika kuti adwala chikuku, ambiri ku West Midlands ndi London. Mlingo wa khonsolo yanu uli kale pa Fingertips, ndiye musaufunse. Funsani ndalama zomwe zapita ku ntchito yopeza ana omwe anaphonya katemera m'dera lanu, kapena chiwerengero cha anamwino oyendera ana akhanda poyerekeza ndi zaka zisanu zapitazo.

Kalata yopita kwa phungu

Pezani phungu wanu polemba postcode pa members.parliament.uk. Aphungu ali ndi mwambo wosalowerera nkhani za anthu a dera la mnzawo, ndiye dzina lanu ndi adiresi yonse zikhale pamwamba. Mukaziiwala, ofesi imayamba yakufunsani zimenezo ndipo sabata yapita.

Kalata isapitirire tsamba limodzi. Ndime yoyamba inene vuto ndi malo ake. Yachiwiri inene komwe mwapita kale, ndi masiku ndi manambala a malipoti. Yachitatu ipemphe chinthu chimodzi momveka: kuti apereke mafunso olemba, ndipo mafunsowo muwaike pansipa, awiri kapena atatu, olembedwa kale m'kalembedwe ka Nyumba, pamodzi ndi UIN ya yankho lakale lomwe mukutsamirapo. Wogwira ntchito mu ofesi ya phungu amalandira maimelo mazanamazana, ndipo funso lomwe angangolikonza pang'ono n'kulitumiza ku Table Office ndilo limayenda. Lembani m'mawu anuanu. Makalata ofanana otumizidwa ndi anthu ambiri amalandira yankho limodzi lokonzeratu, ndipo tsamba la WriteToThem limawatsekereza. Ngati ndinu gulu la mpingo kapena bungwe la Amalawi a mumzinda wanu, nenani kuti mukuimira mabanja angati a m'deralo.

Aphungu ambiri amakumana ndi anthu awo Lachisanu kapena Loweruka, ndipo mpata umakhala wa mphindi 10 kapena 15. Lembetsani msanga, tengani pepala limodzi lomwe mungamusiyire, ndipo zithunzi zisapitirire zitatu. Funso la ndondomeko ya boma silifuna kuti munene za mapepala anu okhalira m'dziko. Ngati mapepalawo ali ndi vuto, kambiranani kaye ndi mlangizi wovomerezeka, kapena nkhaniyo idzere ku bungwe.

Phungu sakakamizidwa kufunsa. Wa chipani cholamula nthawi zina amasankha kalata kwa nduna m'malo mwa funso lapoyera. Landirani kalatayo, ndipo ikabwera yopanda kanthu mubwerere mukapemphe funso. Pakatha masabata atatu osamva kanthu, imbani foni ku ofesi ya m'dera.

Kuwerenga yankho

Mayankho ali ndi chinenero chawochawo. Lina limangoti yankho lenileni libwera mtsogolo, ndipo limeneli muzilitsata chifukwa limaiwalika. Lina limati chiwerengerocho sichisungidwa ku likulu. Musakhumudwe nalo, chifukwa boma lavomera poyera kuti silikudziwa kukula kwa vutolo. Funso lotsatira lifunse ngati lili ndi ganizo loyamba kusonkhanitsa, ndipo pakadali pano tumizani pempho ku khonsolo kapena ku bungwe lenilenilo pansi pa Freedom of Information Act 2000, kapena Environmental Information Regulations 2004 ngati ndi zachilengedwe. Amayenera kuyankha pasanathe masiku 20 a ntchito, ndipo tsamba la WhatDoTheyKnow limasunga pempho ndi yankho poyera. Yankho lina limati kusonkhanitsa chiwerengerocho kungadye ndalama zambiri, ndipo apa chepetsani zaka kapena dera mufunsenso. Mafunso okhudza Ofsted, bungwe loyendera sukulu ndi ntchito zosamalira ana, nthawi zambiri amatumizidwa kwa mkulu wa bungwelo, yemwe amalemba kalata yomwe imasungidwa ku laibulale ya Nyumba. Pemphani ofesi ya phungu ikutumizireni.

Samalani ndi mawu osatchula tsiku, monga akuti posachedwa kapena nthawi yake ikakwana. Environment Act 2021 inapatsa boma mphamvu yokhazikitsa njira yolondola zinyalala pa kompyuta kuchokera pomwe zatuluka mpaka pomwe zathera, koma tsiku loyambira linasunthidwa kangapo. Pa lonjezo ngati ili, funso ndi lofuna mwezi ndi chaka, ndipo libwerezedwe tsiku lolonjezedwalo likadutsa, likutchula UIN ya lonjezo loyamba.

Yankho likazemba funso poyera, phungu atha kudandaula ku Procedure Committee, yomwe imalondola mmene maunduna amayankhira, kapena kudzutsa nkhaniyo pamaso pa Sipikala. Mayankho atatu kapena anayi akasonkhana, ali ndi zokwanira kupempha zokambirana za mphindi 30 ku Westminster Hall kapena za kumapeto kwa tsiku, komwe nduna imayenera kuimirira n'kuyankha. Makomiti a Nyumba nawonso amalandira umboni wolemba kuchokera kwa munthu aliyense akatsegula kafukufuku, ndipo boma limayembekezeka kuyankha lipoti lawo pasanathe miyezi iwiri. Komiti ya Lords yoona zachilengedwe ndi kusintha kwa nyengo inachita kafukufuku wotere pa umbanda wa zinyalala mu 2025. Pempho la pa petition.parliament.uk limafuna masiginecha 10,000 kuti boma liyankhe ndi 100,000 kuti liganiziridwe zokambirana, manambala ovuta kuwapeza pa nkhani ya dera limodzi.

Yang'ananinso kalendala ya Nyumba. Kuyambira kumapeto kwa July mpaka kumayambiriro kwa September aphungu amakhala pa tchuthi ndipo mayankho amachedwa, kenako amapumanso nthawi ya misonkhano ya zipani. Chaka cha Nyumba chikatsekedwa, kapena Nyumba ikathetsedwa chifukwa cha chisankho, mafunso osayankhidwa amafa. Zikatero lemberani ofesi ya phungu sabata yoyamba Nyumba ikatsegulidwanso, muikemo mafunso omwewo ndi manambala awo akale, kuti awaperekenso.